Khoma Lopuma Limene Mayi Maliyamu Atisiyira

Kwa Bambo Bakali Chilungo, amuna awo a malemu, ana ndi abale onse, komanso kwa anthu onse okhala m'mbali mwa nyanja ya Chilwa,

Ife a Bungwe la Alimi a Mpunga a kwa Kuntumanji talandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wa imfa ya Mayi Maliyamu Chilungo, katswiri wojambula mapulani a nyumba, amene atisiya sabata yathayi atadwala kwa nthawi yochepa. Popeza mwambo wa Chisilamu sugoneka maliro, ambiri mwa mamembala athu, makamaka a pa chilumba cha Chisi amene amadalira bwato, anamva zovutazi thupi litalowa kale m'manda. Choncho talemba mawu awa kuti afike kumene mapazi athu analephera kufika pa nthawi yake.

Malemuwa anaphunzira ntchito yawo ku Blantyre ndi kunja kwa dziko lino, ndipo akanafuna akanatha moyo wawo akumanga nyumba zosanja m'mizinda, koma anasankha kubwerera kwawo kumene kutentha kwa Okutobala kumasandutsa nyumba ya malata kukhala uvuni. Anatimangira malo odikirira amayi oyembekezera, makalasi a ana athu, madarasa ndi tchalitchi chimodzi, osafunsa kuti wolowamo amapemphera tsiku liti. Ntchito imene timainyadira koposa ndi holo ya bungwe lathu. Anaiimika pa maziko okwera ndi zipilala zowongoka za konkire, yopanda chokongoletsa chilichonse, mbali zake zazitali zitafulatira dzuwa la m'mawa ndi la madzulo. Denga analitulutsa patali kuti lipange khonde mbali zonse, pansi pa malata anayala mphasa za bango la m'nyanja mwathu momwemu, ndipo pakati pa khoma ndi denga anasiya mpata woti mpweya wotentha uzitulukira. Makoma okha anakana kuwamanga ndi njerwa zootcha. Anawamanga ndi zidina, nawamata ndi dothi monga amachitira amayi athu.

Anthu a kuno sasunga mawu m'kamwa. Ena anati tamangitsa khola la nkhunda, ena anafunsa ngati sukulu yonse ija anapitira kukaphunzira kuponda matope. Mayi Maliyamu ankangoseka, nkumapitiriza kuyeza. Lero odutsa pa njinga kuchokera ku Songani amapatuka kudzapuma pa khonde lomwelo, ndipo misonkhano yathu yayamba kutalika chifukwa palibenso wothamangira panja kukafuna kamphepo.

Khoma la dothi limafuna manja chaka ndi chaka mvula isanagwe, ndipo malemuwa sanatibisire zimenezi. Ntchito yomata ndi kuzira anaipereka kwa amayi a bungwe, motsogozedwa ndi Mayi Alefa Namakhwa, ndipo Mayi Maliyamu eni ake ankabwera, kuvula nsapato, kumanga chitenje ndi kulowa m'matope pamodzi ndi anzawo. Atafunsidwa chifukwa chake sanangopaka simenti kuti anthu apume, anayankha mawu amene tonse tikuwakumbukira: "Simenti ndi ya mapazi ndi mafupa a nyumba. Khungu lake ndi dothi, chifukwa khungu limapuma. Mukaliphimba, chinyezi chidzadya khoma m'kati inu mukuyamikira kusalala kwa kunja."

Apa tifike pa nkhani imene yatilemera pa mtima, ndipo tikupempha Bambo Bakali kuti atimve monga ana olankhula kwa kholo. Litangotha tsiku la maliro, munatitumizira ngolo yodzaza matumba a simenti, ndi uthenga wakuti tipake makoma onse a holo kuti ntchito ya akazi anu isadzagwe iwo kulibe. Wotumidwayo anatifikitsira mawu anu momwe munawanenera, mukutchula akazi anu ndi dzina la mwana wanu: "Mayi a Aisha apita. Nanga adzawakumbutsa ndani amayi aja kuti nthawi yomata yakwana?" Tinalira titamva zimenezi, chifukwa mantha anuwo ndi athunso, ndipo tikudziwa kuti kuno kwathu munthu akafuna kulemekeza chinthu amachithira simenti. Mphatso ya munthu woferedwa siibwezedwa, ndipo komiti yathu inakhala nthawi yaitali ikusowa pogwira.

Amene anamasula nkhaniyi ndi Mayi Alefa. Anaimirira nanena kuti iwo sadziwa za mapulani, koma akudziwa kuti mnzawo sakanalola, ndiponso kuti dothi la chaka chino amayi analikumba kale malemuwa ali m'chipatala, osatumidwa ndi munthu.

Tsono, Bambo, simenti yanu taiilandira ndi manja awiri, koma pa khoma sitiipaka. Tikupempha chilolezo chanu kuti tiigwiritse ntchito pa maziko ndi zipilala za nyumba yosungiramo mpunga, imene tikufuna imangidwe m'njira yomweyo imene akazi anu anatiphunzitsa, ndipo idzatchedwe dzina lawo. Za holoyo, tasankha dala chikumbutso chovuta. Chikumbutso cha simenti munthu amamanga kamodzi nkupita kwawo kukaiwala, koma khoma la dothi silimubisira munthu: chaka chimene tidzaiwale Mayi Maliyamu, mvula idzatiulula pamaso pa aliyense wodutsa pa msewu.

M'malo mwa komiti ndi mamembala onse, Akhristu ndi Asilamu, a kumtunda ndi a pa chilumba, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu Bambo Bakali, kwa Aisha ndi abale ake, ndi kwa banja lonse. Mulungu amene anatibwereka mayi ameneyu akulimbitseni mtima m'masiku owawa ano, ndipo awalandire malemuwa mwachifundo. Sadaka yokumbukira malemuwa ikadzatha, amayi adzayamba kumata, ndipo tikukupemphani kuti mudzabwere. Simudzagwira dothi ayi. Mudzangokhala pa khonde, kuti funso lanu lija mudzaone yankho lake ndi maso anu.

Ine wanu pa chisoni chimenechi,

Fanuelo Mulewa
Wapampando, Bungwe la Alimi a Mpunga a kwa Kuntumanji