A Mipando Aimika Dzanja

Lolemba, 3 Juni

Alengeza. Mtsogoleri wa chipani cha amuna anga wasankha woima naye ngati wachiwiri, ndipo si Mphenzi uja aliyense amayembekezera, amene akagwira maikolofoni ngakhale agalu amasiya kuuwa. Wasankha mayi wina, injiniya wa zamadzi. Tamumvera pa wailesi ya mu saluni. Mawu oyamba omwe, kukakamira: "Ndi-ndi-ndikuthokoza." Wachibwibwi! Kasitomala amene ndimamuluka waseka mpaka tsitsi kundipulumuka m'manja. Ine sindinaseke. Wachibwibwi ndimagona naye nyumba imodzi.

Lachiwiri, 4 Juni

Bambo akunyumba asita malaya achipani kawiri konse, uku akuimba mluzu. Mluzu suwavuta.

Ine ndale ndilibe nazo ntchito, koma chipanichi ndimachithokoza. Atawachotsa ntchito kufakitale ankangokhala pakhonde kuyang'ana mpanda, tsiku lonse duu. Chinawadzutsa ndi chipani. Amayala mipando, kumangirira mbendera, kunyamula sipika, mpaka anzawo anawapatsa dzina, a Mipando. Pamsonkhano sanayankhulepo n'kamodzi komwe. Koma amabwerako atatopa, ali ndi njala, akuoneka kuti ndi munthu.

Lachinayi, 6 Juni

Zavuta. Abwera msanga, chakudya osachikhudza.

Nkhani ndaimva kwa alamu, mng'ono wawo, amene ndi mlembi wa nthambi. Akuti apampando a nthambiyo anayamba kutsanzira Injiniya, "Mu-mu-mutivotere," holo yonse kufa nacho chiseko, a Mipando ali pompo atasenza benchi. Apampandowo akutinso nthambi yathu inyanyale msonkhano umene Injiniya akubwera kudzachititsa sabata yamawa. Iwo ndi a Mphenzi basi. Adzagamula Loweruka.

"Palibe anakumbuka kuti achimwene ali pomwepo, alamu." Chikundiwawa n'chomwecho.

Malaya aja apindidwa, alowa pansi pa sutikesi.

Lachisanu, 7 Juni

Pakhonde. Mpanda womwe uja. Ndikuopa, ndisaname.

Masana kunabwera nesi wina kudzachapitsa tsitsi. Akuti chibadwire sanavotepo, koma ulendo uno adzalawirira. Ndati chifukwa? Akuti, "Munthu amene mawu amawapeza movutikira chonchija sangawawonongere bodza." Ndamuchapa mofatsa ngati mwana wobala ndekha, Mulungu amudalitse. Nditawauza bambo, sanandiyang'ane. Patapita nthawi: "A-anatero?"

Loweruka, 8 Juni

Anavala malaya wamba, akuti akukabweza kiyi wa chipinda chosungira mipando. Ndinatseka saluni, Loweruka lathunthu, makasitomala akalipe okha, n'kuwatsatira.

Kukafika, holo ili mbee, mipando sinayalidwe. Munthu wodzabweza kiyi uja anayamba kuyala! Mizere yowongoka bwinobwino. Ndinangopukusa mutu.

Apampando anayankhula zambiri, kenaka akuti ofuna kunyanyala aimike manja. Bambo akunyumba nawo dzanja m'mwamba. Mtima wanga unangoti myuu. Anzawo atatsitsa, lawo lili chiimire.

"A Mipando, tawerenga kale, tsitsani."

"Si-sindikuvota. Ndi-ndikufuna ku-kuyankhula."

Anaimirira atagwiritsa mpando wakutsogolo. Mawu oyamba anakana kutuluka, mitsempha ya m'khosi toloo. Mkulu wina kumbuyo anayamba kukhikhitika, koma mayi wina wogulitsa masamba anamugunda ndi ambulera pabondo. Mayi ameneyo ndidzamuluka ulere mpaka imfa.

Anati chipani chikasankha munthu amene inu mumamukonda, mumatiuza kuti tonse timvere. Iwo amvera nthawi zonse, ngakhale ena anali anthu oti sangawabwereke ndi njinga yomwe. "Le-lero cha-chasankha wo-woyankhula ngati ine. Ndi-ndiye ku-kumvera kwatha?"

Basi. Anakhala pansi thukuta lili kamukamu.

Apampando anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavala, kuwavulanso. "Pepani, achimwene. Tinalakwa." Povotanso ambiri anati msonkhano uchitike. Ena atatu anatuluka akung'ung'udza kuti popanda Mphenzi chipani chatha. Apite bwino. Alamu amalemba akulira, munthu wamkulu ndi ndevu zake.

Kiyi wabwerera kunyumba m'thumba momwe anapitira.

Lamulungu, 9 Juni

Adya mbale ziwiri. Zikomo, Ambuye.

Lolemba, 10 Juni

Mu saluni nkhani ndi ya Injiniya yokhayokha. Kasitomala woseka uja akufunsa ngati malaya achipani alipo a saizi yake. Ndati akafunse a Mipando. Ine kuvota sindinaganizebe, koma Lachitatu kumsonkhano kuja ndikakhala mzere wakutsogolo, ndikamuone mayiyo ndi maso angawa.

Madzulo, ndikuchotsa mbale patebulo, foni yawo inalira. Apampando. Chikwatiranireni foni ikalira amandipatsira ine, ndiyankhe, iwo azindiuza ndi manja. Ndinapukuta m'manja n'kutambasula dzanja. Anaiyang'ana foniyo, kuyang'ana ine, n'kupukusa mutu.

"Ha-ha-halo."

Ndinanyamula mbale zanga n'kupita kukhitchini. Ndikulemba pano adakayankhulabe.