Udzudzu wa M'matayala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Mwendo uja ukuti bwanji ndi kuzizira kwa kumapiriko? Ife kuno tilipo tonse atatu, ndipo chaka chino mawu amenewa ndikuwalemba mothokoza Mulungu kwambiri.

Pa foni ndinangoti mdzukulu wanu Wailesi watentha thupi, poopa kuti mungakwere basi ndi mwendo wanuwo. Zoona zake n'zakuti anagonekedwa m'chipatala. Mwana amene munamupatsa dzinali chifukwa cholongolola anangoti zii, mutu kuwawa, thupi kuphwanya, kenako nkhama zinayamba kutuluka magazi. Mantha amene ndinachita sindinawachitepo.

Poyamba ine ndinati ndi malungo, ndikagule mankhwala kugolosale. Amene anatipulumutsa ndi atelala oyandikana nafe, mayi amene ndakhala ndikukangana nawo chifukwa cha phokoso la makina awo. Anasiya diresi la mwini pa makina, n'kumubereka mwanayo okha ulendo wa kuchipatala, ine ndikutsatira pambuyo ngati mlendo. Kuyambira tsiku limenelo makina awo amandimvekera bwino.

Atamuyeza magazi anati si malungo koma dengi, matenda enanso obwera ndi udzudzu. Mpongozi wanu anakwiya, akuti mwana wake sanagonepo kunja kwa neti. Anamwino anamuuza modekha kuti udzudzu umenewu sudikira mdima, umaluma kunja kukuwala, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo. Komanso ndi waukhondo, m'zithaphwi zonyansa suchedwamo. Umaikira mazira m'madzi oyera a mvula otsalira m'zitini, m'migolo ndi m'matayala.

Atangotchula matayala, mkazi wanga anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Ife omata matayala sititaya tayala lakutha. Timaunjika kuseri kwa shedi chifukwa timadulamo zigamba, ena amatenga osoka nsapato. Wailesi akaweruka kusukulu amabwera kuntchito kwangako n'kumasewera zanyumba mu muluwo, ine ndikusangalala kuti ali pafupi. Nditakasuzumira ndinapeza tayala lililonse lasunga madzi, timphutsi tikuvina momwemo.

Vuto lina ndi malo athuwa. Timakhala m'chigwa, kunsi kwa tauni. Mvula ikagwa kumtunda madzi onse amatsikira kwathu, mphepo siwomba, ndipo kumatentha ngati mu uvuni. Adokotala anati kutentha ndi chinyezi ndi zimene zimachititsa udzudzuwu kuswana msanga, nako kachilombo kamakhwima mofulumira m'thupi mwake. M'chipinda chimene anagona Wailesi pafupifupi ana onse anali a m'chigwa mwathu, a kumtunda anali owerengeka. Anatinso popeza nyengo yotentha ikutalika zaka zino, udzudzuwu ukukwera mitunda pang'onopang'ono. Choncho nanunso migolo yanu ija muzivundikira, musatame chisanu chokha.

Abwana anga andichitira zabwino. Anandilola kukhala kuchipatala osandiwerengera masiku, ndipo nditabwerera tinaboola matayala onse kuti asasungenso madzi, ena tinawalowetsa m'shedi. Atelala nawo ayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti ataye zitini. Koma mutu umodzi susenza denga, chigwachi n'chachikulu, ndipo mvula idakalipo.

Wailesi anatuluka, akudya, pakamwa patsegukanso moti dzulo amandiphunzitsa ine kumata tayala. Koma potitulutsa adokotala anandiitanira pambali, nati: "Bambo, matendawa akamugwira kachiwiri angathe kukhala oopsa kuposa apa. Ngati muli ndi kwina kozizira, muchotseni kuno mpaka mvula ithe."

Pempho langa ndi limeneli, Amayi. Mumulandire mdzukulu wanu akhale nanu mpaka nyengo yozizira ifike kuno. Ndikudziwa museka, chifukwa ndine ndinkanyoza kwathuko kuti madzi ake amaluma zala, ndikumati sindingalerereko mwana. Mawu amenewo ndameza. Sukulu ikatsekera ndidzabwera naye ndekha, ndipo ya kumeneko tidzakambirana ndi aphunzitsi.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi akazi awo, azakhali, mlongo wanga ndi alamu, ndiponso mng'ono wanga, amene mumuuze kuti jekete langa lija alichape, ndikubwera kudzalivala. Mpongozi wanu akupereka moni wambiri. Iyeyu sanasiyanepo ndi mwanayu chibadwire, komabe wavomera, ndipo zovala zake wazilongedza yekha. Wangopempha chinthu chimodzi: mwanayo akamadzalira kufuna amayi ake, musadzatiuze pa foni, chifukwa tidzabwera kudzamutenga nthawi isanakwane.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Chisamba wanu, bambo ake a Wailesi