Chidindo Chabodza pa Kartau ya Celestina

Furancungo, 9 Setembro 1987

Wokondedwa mlongo wanga Felizarda,

Ndiyamba ndi moni monga mwa mwambo wathu. Kodi muli bwanji kumeneko ku msasa wa othawa nkhondo ku Ntcheu, iwe, alamu anga a Vasco ndi mwana wathu Celestina? Ine kuno Mulungu akundisungabe. Chifuwa chija chinaleka, ndipo mfuti sizinamveke pafupi chiyambire mwezi wa Julho. Ntchito ndi yomwe ija yosunga kaundula wa zaumoyo, kungoti tsopano ndikuigwirira pano pa boma.

Kalata ino akubweretsera a katekisita amene amaoloka malire ndi mchere. Ndiwo anandiuza kuti chikuku chalowa mu msasa wanu, ndipo popeza mankhwala ndi ochepa, anamwino akubaya ana okhawo amene kartau yawo ya katemera ilibe chidindo. Kartau ya Celestina ili ndi chidindo. Iwe ndi ine tikudziwa kuti singano sinamukhudzepo.

Ndilemba nkhaniyi mwandondomeko, kuti pasadzapezeke wonena kuti ndinapotoza kanthu.

Mu Maio 1985, pamene ndinali mlembi pa kachipatala kakwathu ku Ntengo-Wambalame, tinalengeza tsiku la katemera wa chikuku. Masiku amenewo alamu anali atatsegula sukulu yawoyawo pamsika wa kachewere. Ankati boma linayamba ndi kutilanda esikudo n'kutipatsa metikali, kuti lidziwe zimene aliyense anakwirira m'nyumba mwake. Kenaka linabweretsa giya, chikalata chija chimene popanda icho munthu sakanatha kupita ngakhale kumaliro a mayi ake. Chingwe chachitatu, ankatero iwo, ndi singano. Nambala iliyonse imene ine ndinkalemba akuti inkakwera pa wailesi ya kwa administradori, mkulu wa pa boma, mpaka kukafika m'makina aakulu ku Maputo, ndipo makinawo ndiwo ankasankha mwamuna wokalima mokakamizidwa ku Niassa ndi mtsikana woti asadzabereke.

Sindikana kuti mantha awo anali ndi muzu. Mayina ena analembedwadi ndi anthu ena, eni ake n'kukwezedwa pa galimoto, ndipo sitinawaonenso. Koma kaundula wanga sanatulukepo m'kabati. Ku boma ndinkatumiza chiwerengero chokha, cholemba pamanja, chifukwa makina athu olembera anakhala zaka ziwiri opanda lamba. Ndinawauza alamu kuti boma lolephera kutitumizira mafuta a jeleira yoziziritsira mankhwala silingakhale ndi makina odziwa dzina la mwana wa mlimi wa nyemba. Iwo anaseka, nati galu wa mlenje saulula pamene patcheredwa msampha.

M'mawa wa pa 17 Maio unabwera ku ofesi kwanga anthu asanayambe kufola. Unagwada pa simenti. Unati amuna ako alumbira kuti mwanayo akabayidwa ukwati watha, ndipo mlembi wa mudzi wanena kuti mayi wopanda kartau sadzapatsidwa giya, kapena sopo wa ku koperativa. Unandikumbutsa kuti ndine malume wa Celestina, mwinimbumba, ndipo sindingakuponye pakati pa moto uwiri.

Ndinali nditagwira cholembera cha boma zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, osalembapo mzere umodzi wabodza. Tsiku limenelo ndinalemba nambala 214, dzina la Celestina, tsiku, ndipo ndinadinda. Ndinakupatsa malamulo awiri: kartauyo uibise m'buku lako la nyimbo, ndipo mtima wa alamu ukazizira umubweretse mwanayo mwakachetechete paulendo wachiwiri wa anamwino. Unavomera zonse ziwiri utagwira bondo langa.

Pasanathe milungu itatu, alamu anaimirira pamaliro a gogo wa kwa a Mbewe, kartau ili m'mwamba. Anafunsa anthu ngati alipo amene sanaone Celestina ali kumbuyo kwa amake kudimba tsiku lonse la katemera. Onse anali atamuona. Ndiye anati taonani chidindo, mlembi akudziwa zimene zili m'singano, wapulumutsa magazi ake, anu wawapereka.

Paulendo wachiwiri tinkayembekeza ana makumi asanu ndi limodzi. Anabwera asanu ndi anayi. Anamwino a Virgínia, amene anayenda pansi kuchokera ku Tsangano atasenza bokosi la mankhwala poopa mabomba a mumsewu, anandifunsa chimene chalowa m'mudzi. Ndinawayankha kuti sindikudziwa. Limenelo linali bodza langa lachiwiri.

Chikuku chinafika mu Outubro. Ana khumi ndi mmodzi ndinawalemba kumasamba akumapeto a kaundula yemweyo, aliyense ndi dzina la amake. Chaka chotsatira zigawenga za kutchire zinatentha kachipatala kaja, inu n'kuthawira ku Malawi, ine n'kutuluka ndi kaundula ali m'kati mwa malaya. Ndili naye pano patebulo pamene ndikulemba.

Zaka ziwiri zonsezi mlandu ndinkausenzetsa alamu okha. Ndinkati anafufuza m'buku lako la nyimbo iwe uli kumunda. Ndinkakupempherera ngati munthu woberedwa.

Lachitatu lapitali kunafika a Filomena, mnzako uja munkaimba naye kwaya, kudzafuna chikalata cha imfa ya mwana wawo wamwamuna, wachisanu ndi chiwiri pamndandanda uja. Atandizindikira anakhala pansi, osapatsidwa mpando. Anati zolankhula za a Vasco sanaziike kumtima, popeza mudzi wonse umadziwa kuti a Vasco amatha kutsutsana ngakhale ndi tambala za nthawi ya kucha. Chimene chinawabweza panjira, mwana ali kale kumbuyo, ndi mawu ako. Akuti unawaimitsa pachitsime pamaso pa amayi anzako, nunena kuti achimwene anga anandinong'oneza okha kuti mankhwalawa ndi oipa, n'chifukwa chake anangodinda. Akuti unatchula ndi Mulungu yemwe.

Kenaka anandifunsa modekha kuti, ngati inu a mlembi munkadziwa kuti mankhwalawo ndi abwino, wanuyo munamusiyiranji? Ndinatsegula kaundula n'kuwalembera chikalata cha imfa chija.

Felizarda, mawu amenewo sindinakuuzepo, ndipo ukudziwa. Mwina unafuna kuti amuna ako aoneke anzeru pagulu. Mwina unaopa kuti amayi anzako angakutche wokonderedwa. Sindikufunsa chifukwa. Ndinakubwereka dzanja langa kuti likutchinjirize, iwe n'kutenga ndi pakamwa panga pomwe. Sindinakhululuke, ndipo sindilemba kuti ndakhululuka pamene sizili choncho. Zabodza ndinalemba kamodzi, zakwana.

Koma Celestina sanagwade pa simenti, sanadinde, sanalankhule pachitsime. Ali ndi zaka zitatu, ndipo chidindo changa ndicho chikumuchotsa pamzere wa singano.

M'kalata muno upezamo pepala lachiwiri. Ndalembapo m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa kuti mzere wa nambala 214 ndi wabodza, kuti mwanayo sanalandirepo katemera wa chikuku, ndi kuti wolemba bodzalo ndine. Ndasaina ndi kudinda. Lina lofanana nalo ndalipereka dzulo kwa mkulu wanga wa ntchito. Anawerenga kawiri, nati ndikaonekere Lolemba ndi makiyi a kabati. Ndikudziwa tanthauzo lake.

Tsono chita izi. Kalata ikakufika usayembekeze kuti kuche kawiri. Bereka mwanayo, tenga kartau ndi pepala langa, ukapereke zonse ziwiri m'manja mwa namwino. Alamu akakuletsa, uwawerengere kalata ino mokweza. Uwauze kuti galu wa mlenje uja waulula zonse zimene ankadziwa, ndipo wataya nazo mbale yake. Akanena za ukwati, uwakumbutse kuti mwanayo ali ndi malume, ndipo malumeyo walamula.

A katekisita abwerera kuno pakatha milungu iwiri. Usavutike kundilembera zopepesa. Uwapatse kartau yatsopano ya Celestina ndiione ndi maso anga, ndidzaibweza paulendo wotsatira. Kumasamba akumapeto kuja, pansi pa dzina lakhumi ndi chimodzi, pali mzere wopanda kanthu. Ndikufuna ndipereke kaundulayu kwa wondilowa m'malo mzerewo uli choncho.

Undiperekere moni kwa azakhali ngati akali nanu, ndi kwa onse akwathu amene ali mu msasamo. Alamu uwapatsenso moni, chifukwa mwambo ukutero. Mulungu akusungeni ku matenda ndi ku nkhondo, ndipo amutalikitsire moyo mwanayo.

Ndine mlongo wako,
Eusébio Ngozo
Mlembi wa kaundula, kufikira Lolemba