Mpatseni Kaye Madzi Mlendoyo

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo. Tinasamuka ku South Bend, tsopano tikukhala ku Lawrence, kufupi ndi Indianapolis, konkuno ku America, chifukwa bambo a Tadala anapeza ntchito pachipatala china. Mng'ono wanga Chisomo wabereka mwana wamwamuna, mphuno ndi yanu yomwe ija. Bonongwe wanu tinamusiya kuseri kwa nyumba yakale, ndipo azungu amene alowamo ayenera kuti akumuzula ngati udzu.

Mukukumbuka mapulogalamu akalekale a macheza aja, a zithunzi zakuda ndi zoyera, amene munkaonera pa TV usiku Tadala akakana kugona? Bambo wa tayi kuseri kwa tebulo, alendo pa sofa, utsi wa fodya uli tolo, oimba ali pambali. Chizungu simunkamva, koma bamboyo munkamuweruza ngati mkamwini wanu. Mlendo wangokhala pansi kumene, iye wayamba kale mafunso. Inu mumvekere, "Mpatseni kaye madzi mlendoyo!" Mlendo wachiwiri akalowa, woyamba n'kusendera kumapeto kwa sofa, munkati bola uyu analeredwa.

Posachedwapa ndawerenga mbiri ya mapulogalamuwa. Akuti poyamba ankaulutsa pompopompo, ndipo mwini pulogalamu ankatsatsa yekha malonda pakati pa macheza. Koma chandiwawa n'chakuti ambiri mwa oyambirirawo sanasungidwe. Ena sanajambulidwe n'komwe, ena matepi ake anawafufuta kuti ajambulirepo zina. Anthu anacheza, anaseka, lero palibe amene angawamvenso.

Inenso chimwalirireni inu, mawu anu ndilibe, Amayi. Anali mufoni ija inagwera m'madzi. Zithunzi zilipo, koma chithunzi sichikalipira munthu. Tadala ndikamulankhula Chichewa amayankha Chizungu, ndipo ndakhala ndi mantha kuti akula osakumbuka mmene agogo ake ankamvekera. Nditamufunsa ngati akukumbuka mawu anu, anangokweza mapewa. Zinandipweteka kwambiri.

Lamlungu lapitali kunabwera amayi abusa a ku South Bend kudzaona nyumba yatsopano. Ine ndi chimwemwe, iwo asanapume n'komwe, ndayamba kale kufunsa za kumpingo: wakwatiwa ndani, wasamuka ndani, kwaya ikuimbabe? Tadala anasendera kumapeto kwa sofa kuti mlendoyo akhale bwino, n'kundiyang'ana cham'mbali monga munkachitira inu. Kenako, ndi mawu okhuthala ngati anu aja, m'Chichewa chosapunthwa, anati, "Mpatseni kaye madzi mlendoyo."

Amayi abusa anaseka mpaka misozi. Ine ndinathawira kukhitchini, ndipo tambula inadzala mpaka kusefukira ndili chiimire pampopi. Ndinakumvani, Amayi. Munali inu.

Ndakusowani, ndipo ndimakukondani. Sofa ija sindiitaya ngakhale yabooka pamene munkakhala paja, ndipo ndikulonjeza kuti mlendo aliyense wolowa m'nyumba muno azimwa kaye madzi ndisanatsegule pakamwa.

Ndine mwana wanu wa mafunso,
Eneless