Manja Akumanzere Okhaokha

Lolemba, 3 Marichi

Sabata yachitatu ya ukapitawo. Kiyi wa shopu m'khosi, tebulo langalanga pafupi ndi khomo. Masana matelala anzanga amadyera kuseri kwa makina, kuseka mpaka kutsamwa. Ndikangoyandikira, zii. Amake mapasa, amene takhala nawo benchi imodzi zaka zisanu ndi chimodzi, lero akuti "bwana kapitawo". Zandipweteka.

Pemphero la m'mawa ndimatsogolera ndine tsopano. Ndawerenga za mbusa wabwino ndi waganyu amene amathawa akaona mmbulu. Ndalalika bwino ndithu, ndidziyamikire ndekha poti wina palibe.

Oda yafika: mikanjo makumi anayi ya kwaya, ikufunika pa 15. Nsalu yobiriwira, yowala mbali imodzi yokha.

Lachitatu, 5 Marichi

Nthawi yatithina. A Sizasi, mdala wathu wodula, podula manja amayala nsalu ziwiriziwiri, mbali zowala zitayang'anizana, mwachifatse ngati akuyalira mlendo bedi. Ndawauza angosanjikiza zonse mbali yowala kumwamba, adule kamodzi tithane nazo. Akuti, "Mwanangu, manja sadula choncho." Pamaso pa anthu onse, mwanangu! Ndawayankha kuti muno mulibe mwana wa munthu, muli kapitawo. Avula magalasi, apukuta, avala, adula.

Ndabwera kunyumba ndili wokhutira. Anthu adziwe kuti kiyiyu si mkanda.

Lachisanu, 7 Marichi

Manja makumi asanu ndi atatu, onse akumanzere. Kuwatembenuza n'kosatheka, kumbuyo nsaluyi ndi yotuwa. Pampukutu sipanatsale kanthu. Mdala uja amanena zimenezi.

Madamu, eni shopu, afunsa funso limodzi lokha: "Wadula ndani?" A Sizasi aimirira. Andiyang'ana kamodzi basi. Ine maso pa simenti. Madamu awauza akayambe akhala kunyumba, za ntchito yawo adzamva Lachiwiri.

Onse analipo Lachitatu, onse anamva mawu anga. Palibe wanena. Akudikira ine.

Lamulungu, 9 Marichi

Abusa alalika za banja, ine m'khutu tambala wa Petro yekhayekha. Nditabwera ndatsegula nkhani ya Rehobowamu, mfumu yachinyamata ija inataya uphungu wa akuluakulu kuti ioneke yolimba. Ndatseka msanga. Mawu a akulu akoma akagonera, kwa ine agonera masiku awiri okha.

Mayi aimba foni. Akuti auza mpingo wawo wonse kuti mwana wawo ndi bwana. Ndaseka nawo. Nditadula ndakhala pabedi, chipinda chonse duu, wondifunsa kuti chavuta n'chiyani palibe.

Ndikuopa, ndilembe poyera. Kubwerera pabenchi, anthu kumandiloza ndi milomo. Koma Ambuye anamanga thaulo m'chiuno nagwada, ine ndikukanika mawu awiri: ndinalamula ndine. Mawa ndikanena.

Lachiwiri, 11 Marichi

Dzulo sindinanene. Madamu anali pafoni kusaka nsalu ina, ndiye ndinati ndisawasokoneze. Bodza. Pafoni anakhalapo mphindi khumi.

Lero a Sizasi awachotsa ntchito. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi patebulo lodulira. Abwera kudzatenga sizasi yawo, aikulunga m'kansalu, atsanzika aliyense, inenso andipatsa moni wa manja awiri. Bola akanandilavulira.

Pemphero la lero ndatha ine kunena Ameni, wondiyankha palibe. Amake mapasa angoponda makina.

Loweruka, 15 Marichi

Ndinanena Lachinayi, pa pemphero, ndisanatsegule n'komwe Baibulo. Madamu atandimvetsera anati ngati mdalayo avomera abwerere, koma kiyi ndipereke. Ndinavomera pomwepo. Mtima unapepuka, ndinadziona ngati munthu.

Mikanjo yapita m'mawa uno, manja ake awiriawiri. Masana ndinakwera basi kupita kwa a Sizasi, njira yonse ndikuyeseza mawu. Ndinawapeza pakhonde akusoka chikwama chasukulu ndi singano yapamanja, akazi awo ali pambali. Anandipatsa mpando ndi madzi, nandimvetsera mpaka kumapeto osandidula.

Akuti, "Ndinakukhululukira Lachisanu lomwe lija, mwanangu, usasenze zimenezo. Kulakwitsa manja aliyense amalakwitsa. Koma kubwerera ayi, mtima wake uja ndilibenso. Kuyambira Lachisanu mpaka Lachiwiri ndinakhala pampando uno khutu lili kugeti. Likati kwee, ndimauza mayi ako awa kuti ndi iyeyo, wabwera, ndinamuphunzitsa kugwira choko ndine."

Anandiperekeza mpaka pamsewu, nandiimitsira basi.