Phazi Limene Ndinaliona pa Mtsinje wa Akabuchi

NAGASAWA TOKUJI, 1948 – 2019

Bambo a Norihiko, lero zakwana zaka zisanu ndi chimodzi chitisiyireni. Wansembe wa kukachisi akuti ndi chaka chachisanu ndi chiwiri, poti iye amawerengera ndi chaka cha maliro chomwe. Awerenge mmene angafunire, ine ndikudziwa kuti nyengo yozizira yandipeza ndekha kasanu n'kamodzi. Chithunzi chili pamwambachi asankha ndi ana. Tinakhuthula mabokosi onse kufuna choti muli nokha, kapena muli ndi ine, koma ayi ndithu, paliponse Kinuyo ali pomwepo. Kwa amene sakumudziwa, Kinuyo si munthu. Ndi njinga yamoto ya chaka cha 1973 imene munaipatsa dzina la mkazi, ndipo ine Chizuko, mkazi wanu weniweni, ndakhala ndikuichitira nsanje zaka zoposa makumi atatu.

Munaitola kuseri kwa nkhokwe ya mlimi wina wa mpunga, itachita dzimbiri, mbewa zitamanga chisa pansi pa mpando. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba munalowa mkazi mnzanga. Munadula mafupa ake n'kuwawotchereranso, zopondera munazibweza m'mbuyo zala ziwiri, thanki munasula nokha ndi kanyundo mwezi wathunthu. Chilichonse choboolereka munachiboola kuti njinga ipepuke, ndipo mabawuti mumawayeza pa sikelo yanga ya ufa. Sindinaiwale tsiku lija munaika zitsulo za injini mu uvuni wanga kuti zifutukuke, nsomba n'kumanunkha girisi sabata yonse. Munaseka mpaka misozi, ana nawo kuseka, ine ndiye ndinalibe choseketsa. Kinuyo akangotsokomola kamodzi m'galaja mumadzuka pa chakudya, mpunga uli m'kamwa. Ine ndinatsokomola milungu itatu chaka china, munangondiuza kuti ndimwe madzi ofunda.

Komabe tikukusowani, musaganize kuti ayi. Norihiko amabwera kuchokera ku Sendai mwezi uliwonse kudzaliza injini kuti isagone, ndipo akamailiza amapendeketsa mutu ngati inu. Mwana wathu wamkazi Kayo anatenga magolovesi anu osawachapa. Ana ake amawauza zimene inu munkamuuza, kuti liwiro ndi la anthu amantha, wolimba mtima amadutsa pang'onopang'ono akuona mwala uliwonse. Achemwali anu a Masae amakuphikiranibe maungu pa tsiku lanu lobadwa. A Ogasawara Genzo, mnzanu amene munapikisana naye moyo wonse, amabwera chaka ndi chaka ndi botolo la mowa wa mpunga. Amayatsa lubani pa chithunzi chanu, kuwerama pang'ono, kenako ola lathunthu ali m'galaja. Alendo onse amatero. Inunso ku chipatala, nditakugwirani dzanja ndikudikira mawu anga omaliza, munati tikatseke kampopi ka petulo kuti mafuta asaume m'kabureta. Ndinakatseka.

Chimene chandilembetsa zambiri chonchi ndi kalata ya a kalabu yanu ya mipikisano ya njinga zamoto. Akufuna njinga ndi chikho chija munapambana mu 2004 akaziike m'holo ya m'mudzi, ndipo m'mphepete mwa mtsinje wa Akabuchi akufuna kuimika mwala. Mawu ake anditumizira kuti ndivomereze: «Pano Nagasawa Tokuji ndi Kinuyo anadutsa tsiku lonse osaponda pansi.» Ndawerenga kawiri, kachitatu ndinakhala pansi. Maina awiri pa mwala, oti adzawerengedwe ife tonse titapita, ndipo lachiwirilo ndi la chitsulo. Zandipweteka, ndipo ndanena.

Mukukumbukira kuti tsiku limenelo ndinali kuti? Ndinali pamene ndinkakhala nthawi zonse, m'mvula, khadi ndi pensulo m'manja, kuyang'anira chigawo chomaliza cha mpikisano. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndinagwira ntchito imeneyi, ya akazi ndi okalamba a kalabu: kuyang'ana mapazi a amuna akamakwera miyala pa njinga. Woponda pansi kamodzi umamukwezera chala chimodzi, wakugwa umamutambasulira dzanja lonse, wodutsa bwinobwino umamukwezera nkhonya, kutanthauza ziro. Wopambana ndi amene ali ndi mapointi ochepa. Pofika kwa ine a Genzo anali ndi pointi imodzi, inu munalibe ngakhale imodzi. Lamulo la kalabu tonse tinkalidziwa, kuti anthu akafanana chikho chimapita kwa wamkulu, ndipo a Genzo anakuposani zaka ziwiri.

Munalowa m'madzi mutaimirira pa zopondera, injini ikugunda pang'onopang'ono. Munapita bwino mpaka pa chimwala chokhotera chija. Pamenepo Kinuyo wanu wokondedwayo anaterereka, tayala la m'mbuyo linathawira kumanzere pa ndere, ndipo jombo yanu ya kumanzere inagunda pansi. Kamodzi, mwachangu, kuseri kwa mwala kumene anthu a pa mlatho sakanatha kuona. Ndinaona ndine ndekha. Munatuluka pakati pa timbendera n'kutembenuka, maso a anthu onse ali pa dzanja langa. Ndinakweza nkhonya. Anthu akuomba m'manja ndinatsika ngati ndikukatola pensulo, n'kuponda ndi nsapato yanga pamene jombo yanu inakanda ndere, kuti chizindikiro chikhale changa.

Inu munatsika pa njinga, munavula chisoti, n'kupsompsona thanki anthu akuona. Polandira chikho munauza khamu lonse kuti Kinuyo sanakukhumudwitsenipo chiyambire. Ine ndinali kumbuyo, masokosi ali chonyowa, ndikugawa mibulu ya mpunga.

Zikanakhala kuti simunadziwe, bwenzi ndinakhululuka kalekale. Koma phazi linali lanu, bambo. Munthu saponda m'madzi ozizira a mwezi wa Novembala osamva. Munadziwa kuti mwaponda, munaona nkhonya yanga, ndipo munakhala zaka khumi ndi zisanu osatchulapo. Sindinkafuna kuti mulengeze. Ndinkangofuna kuti tsiku lina pa chakudya, ana atachoka, mundiyang'ane n'kunena kuti Chizuko, zija ndinaziona. Ngakhale kundikalipira kumene, kuti ndinakuchititsani manyazi, ndikanalandira. Chikho ndinkachipukuta ndine Loweruka lililonse, inu mukudutsa ndi sipanala kupita kwa mkazi mnzanga. Mwina manyazi ndi amene anakutsekani pakamwa, mwina ndi chifukwa chake munapsompsona thanki m'malo moyang'ana ine. Ndayesa kuganiza choncho, masiku ena zimatheka.

Sabata yatha ndinakulunga chikho m'nsalu n'kukwera basi kupita kwa a Genzo. Ali ndi zaka 79 tsopano, mawondo anatha. Ndinagwada pakhomo ndi kuwauza zonse, osasiyapo kanthu. Anandiuza kuti njinga yawo anaiphwasula kanayi pambuyo pa tsiku lija, kufunafuna chimene chinawalepheretsa, ndipo anafika povomereza kuti inu munali ndi china chimene iwo analibe. Ndinaweramitsa mutu. Chikho analandira ndi manja awiri. Zoti andikhululukira sananene, ndipo ine sindinapemphe.

Kunyumba kuno nkhaniyi yavuta. Norihiko wakhala masiku asanu osayankha foni, akuti ndafukula bambo ake chifukwa cha nsanje ya njinga. Sindinamutsutse, chifukwa mbali ina akunena zoona. Kayo analira, kenako anandifunsa ngati m'madzimo munali mozizira kwambiri. Onse awiri alola kuti maina awo akhale pansipa, ngakhale Norihiko wayankhira kudzera kwa mlongo wake. A kalabu ena asiya kundipatsa moni pa sitolo. Ndikudziwa kuti ndachotsa kanthu pa dzina lanu, dzina limene ndinaliteteza ndi bodza langa, ndipo usiku ndi usana ndimadzifunsa ngati ndinali ndi ufulu wotero.

Njinga ndawauza kuti abwere adzatenge Lamlungu. Akaiike m'holo, aziipukuta, aziijambula, ine ndatopa nayo. Koma za mwala ndakana. Ndawalembera kuti ngati akufunadi kuimika mwala pa Akabuchi, dzina la chitsulo lichokepo, ndipo alembe zimene zinachitika: «Pano Nagasawa Tokuji anaponda pansi kamodzi. Mkazi wake anaona.»

Gonani bwino, bambo. Takwiya nanu, takunyadirani, koma kukuiwalani ndiye sitingathe.

Ine mkazi wanu Chizuko, ana anu Norihiko ndi Kayo, adzukulu, ndi achemwali anu a Masae.