Fyuluta Yosavuta Kutsegula

14 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ndiponso kuti chifuwa chija chinakusiyani. Kuno tilipo. Amayi mwendo umawavutabe kukazizira, koma akuyenda. Denga la kukhitchini analikonza, silikudonthanso. Ine ntchito ikuyenda, ndikadali pa tebulo lomwe lija la pawindo, kusita malaya ndi nsalu za pabedi.

Mudabwa kuti ndakulemberani kalata pomwe timalankhulana pafoni Lamlungu lililonse. Mukundidziwa inu, pafoni m'kamwa mwanga mumauma. Mukandifunsa kanthu ndimangoti eya kuti nkhani ithe msanga. Kalata ino ndaiyamba katatu, mapepala awiri ndang'amba. Chonde muwerenge mpaka kumapeto musanandiimbire.

Ndi nkhani ya nsomba zanu.

Mukukumbukira mu Ogasiti muja ndinakuuzani kuti ndapeza madzi m'kabati ya pansi pa thanki, fyuluta yakale yosefera madzi a nsomba ija itang'aluka pambali. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti miyezi isanu yonse chichokereni inu, fyuluta imeneyo sindinaitsegulepo ngakhale kamodzi. Ndinkaiopa. Zomangira zake zinali zolimba, ndipo ndinkaganiza kuti ndikaitsegula sinditha kuibwezera. Ndinkangodyetsa nsomba m'mawa, ndipo Loweruka ndinkachotsa ndowa imodzi ya madzi n'kuthiramo ena amene agonera, monga ndinkaonera inu mukuchita. Nsomba zonse khumi ndi imodzi zinali bwinobwino.

Pafoni paja munati, "Usadandaule Kachete, yakalamba imeneyo. Pita kwa mayi aja a sitolo ya nsomba ukasankhe ina yokhala kunja kwa thanki ngati yomweyo. Koma ikhale yosavuta kutsegula, kuti usamavutike."

Ndinapita Loweruka. Ndisananyamuke ndinayeza thanki ndi tepi ya amayi yosokera, m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, ndinayeza kawiri n'kulemba pa pepala. Nditafika ndinaima pafupi ndi chitseko nthawi yaitali chifukwa munali anthu. Kenako mayi aja anandiitana, "Achemwali, mwabwera kudzagula kapena kudzawerenga nsomba zangazi?" Anthu anaseka. Ine ndinangowapatsa pepala lija.

Ataliwerenga anati, "Eee, onani anthu inu. Ena amabwera kuno n'kumanditambasulira manja kuti thanki yanga ndi yotere, ngati akunena za mwana wa mbuzi. Uyu wabwera ndi miyezo." Anatsitsa mafyuluta atatu n'kuwaika pa kauntala. Yoyamba anati ndi yaing'ono, pa thanki yanuyo ingatope msanga. Yachiwiri inali yonyezimira, yokongola ndithu, ndipo maso anga anali pa imeneyo. Iwo anati, "Iyi ndi mkamwini wa tsiku loyamba, amaoneka bwino. Koma labala yake ya pachivundikiro ikatha simudzaipeza paliponse, mudzataya chinthu chonse." Yachitatu inali yakuda, yooneka ngati kandowa kokhala ndi chivundikiro. Anandionetsa kuti pa mapaipi onse awiri pali timipopi, ukatseka madzi satayika ngakhale dontho. Umakweza zotsekera zinayi ndi chala, chivundikiro n'kuchoka. M'kati muli timabasiketi titatu tosanjikizana, timatuluka tonse ukakoka chogwirira. Malabala ake ndi kachitsulo kozungulira ka mu injini anandilozera pa shelefu kuti amakhala nazo nthawi zonse. Anailumikiza ku magetsi kuti ndimve kuti siichita phokoso. Kenako anandiuza kuti nditsegule ndi kutseka ndekha katatu iwo akuyang'ana. Ndinatha. Achimwene, ndinasangalala tsiku limenelo, ndinadziona ngati munthu wodziwa zinthu.

Fyulutayo ndi yabwino, ndipo sindikufuna muganize kuti mayi aja anandinamiza. Ndinasankha bwino. Zolakwika zinayamba pambuyo pake.

Akundikulungira katoni anati, "Masiponji a mu yakale ija musataye, mukawaike m'menemu." Ndinafuna kufunsa chifukwa chake, popeza yatsopanoyo inali ndi masiponji ake oyera. Koma kumbuyo kwanga kunali bambo wina akugogoda makiyi pa kauntala, ndiye ndinangoti chabwino n'kutuluka.

Kunyumba ndinalimba mtima n'kutsegula yakale ija. Zimene ndinaona! Masiponji anali abulauni, oterera, odzaza matope onunkha ngati ngalande. Ndinachita manyazi ngati mwaima kumbuyo kwanga. Ndinati m'mtima, munthu anandisiyira zinthu zake ndipo ine ndazisunga mu uve wotere. Mukudziwa mmene kulili kuntchito kwathu. Akapitawo athu amakweza nsalu pawindo, akaona kadontho ngati nyemba nsalu yonse imabwerera kochapa. Zaka zinayi ine nsalu yanga sinabwererepo. Ndiye ndikanaika bwanji matope amenewo m'chinthu chatsopano? Ndinawiritsa madzi. Ndinachapa masiponji aja ndi sopo, timiyala toyera ta m'fyulutamo ndinatikwecha kamodzikamodzi ndi mswachi, ndinatsukuluza kasanu pampopi, n'kuyanika padzuwa. Amayi anadutsa n'kunena kuti, "Iwe, nsombazo zikupita ku ukwati?" Ndinaseka nawo.

Ndipo popeza fyuluta yatsopanoyi ndi yosavuta kutsegula, ndinayamba kuitsegula. Pakapita masiku atatu ndinkatseka timipopi, kukweza zotsekera, kutulutsa timabasiketi. Ndikaona siponji yayamba kuda ndinkaichapa mpaka iyere.

Sabata yachiwiri madzi anachita mbuu ngati otsukira mpunga. Nsomba zinayamba kukwera pamwamba, kukamwa yasa yasa. Ine ndinati ndi litsiro, ndiye kuti sindikuchapa mokwanira. Ndinachapanso. Ndinachotsa madzi pafupifupi onse n'kuthiramo a pampopi pomwepo, osadikira kuti agonere, chifukwa ndinkafuna kuzipulumutsa msanga. M'mawa mwake tinsomba tiwiri tofiira tija tinali titayandama.

Lamlungu limenelo munaimba. Munati, "Nanga anthu anga a m'madziwo ali bwanji?" Ndinati zikusambira. Munaseka. Munafunsa za fyuluta ndipo ndinati ndi yabwino, ndi yosavuta. Munati, "Ndinadziwa ine kuti sindinalakwe kusiyira iwe. Wina aliyense akanaziiwala." Nditatseka foni ndinapita kukachapanso masiponji.

Zinapitirira kufa, lero imodzi, mkuja ziwiri. Zamizeremizere zija zinatha zonse. Malamlungu onsewa ndakhala ndikukuyankhani mawu omwewo.

Achimwene, Abwana, nsomba yanu yokondedwa ija, nawonso anafa.

Ndikudziwa kuti munabwera nawo m'botolo ali ngati chikhadabo, ine ndili sitandade sikisi, ndipo mwawalera zaka zisanu ndi zitatu. Masiku awo omaliza ankangokhala pakona pafupi ndi paipi, zipsepse atapinda. Ndikagogoda pagalasi sankabweranso. Lachiwiri, masabata awiri apitawo, ndinawapeza m'mawa atagona cham'mbali pamchenga. Ndinawakulunga m'kansalu koyera n'kuwakwirira mu chitini chachikulu cha maluwa chija cha pakhonde. Sindinathe kuwataya kudzala. Tsiku limenelo kuntchito ndinawotcha kolala ya malaya a kasitomala. Akapitawo anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, ndipo sanakalipe, anangoti, "Wadwala kodi?"

Nditabwerera amayi anandipeza ndikutsekanso timipopi tija. Anati, "Siya. Chiyambireni kuchapa kwakoku zikungofa. Pita ukafunse kumene unagulako. Ukapanda kupita ndipita ndine ndi mwendo wangawu, ndipo ndikayankhula mokweza."

Ndinapita Lachitatu nditaweruka, nditatunga madzi a m'thanki m'kabotolo. Mayi aja anandizindikira. "Achemwali a miyezo aja! Ikugwira?" Ndinati ikugwira koma nsomba zikufa. Anathira madzi anga m'kagalasi kakang'ono, anadonthezamo mankhwala, madziwo n'kusanduka obiriwira kwambiri. Anasiya kumwetulira.

"Masiponji akale aja munaikamo?"

"Ndinaikamo."

"Mmene analilimo?"

"Ndinayamba ndawachapa."

"Ndi chiyani?"

"Ndi sopo. Ndi madzi otentha."

Anagwira pakamwa. "Mayo ine. Nanga chigulireni mwaitsegula kangati?"

Ndinali nditalemba masiku onse kuseri kwa kalendala, ndiye ndinawauza kuti kakhumi ndi kanayi.

"Kakhumi ndi kanayi! Mwana wanga, ine yangayi ndimaitsegula pakatha miyezi iwiri, nditakumbukiranso." Anakoka mpando n'kundikhazika. Anandifotokozera kuti m'matope abulauni aja mumakhala tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso. Nsomba zikachita chimbudzi madzi amakhala ndi poizoni, ndipo tizilomboto ndi timene timadya poizoniyo. Fyuluta ndi nyumba yawo chabe. Sopo amatipha, madzi otentha amatipha, ngakhale madzi a pampopi amatipha chifukwa cha mankhwala amene amathiramo. Siponji ikadzaza umangoifinya pang'ono mu ndowa ya madzi ochokera m'thanki momwemo, n'kuibwezera ikadali yabulauni. Anati, "Inu mumathamangitsa antchito tsiku lililonse, kenako n'kumadabwa kuti ntchito siikugwirika."

Ndinalira pamaso pa anthu, achimwene. Mayiwo anati vuto ndi lawonso, akanandiuza chifukwa chake tsiku lija. Anati anthu ambiri amene amawagulitsa ndi aulesi, ndiye amazolowera kuwakalipira kuti azitsuka, sanaganize kuti kuli munthu wofunika kumuletsa. Koma ine ndikudziwa kuti pakamwa ndinali napo.

Kenako anatsegula fyuluta ya thanki yawo yaikulu, anatulutsa siponji yakuda bii, ikuchucha, n'kuiika m'pepala la pulasitiki ndi madzi pang'ono. Anati ndithamange nayo isaume, ndipo ndikaichapa asadzandionenso. M'basi mayi amene ndinakhala naye ananunkhiza n'kusuntha. Ine ndinaifukata pamiyendo ngati mwana mpaka kunyumba, n'kukaiika mu fyuluta mmene inalili.

Zatsala zitatu. Andevu aja okhala pansi, ndi tiwiri tasiliva. Tsiku lililonse ndikuchotsa ndowa imodzi n'kuthira madzi ogonera, ndipo chakudya ndikuwapatsa chochepa kwambiri monga anandiuzira. Madzi ayamba kuyera okha. Dzulo ndinapititsanso kabotolo ndipo anati poizoni watsika koma sanathe, tidikire masabata ena awiri. Fyuluta sindinaitsegule masiku khumi ndi awiri. Ndikadutsa pa kabatiyo manja amandiyabwa, moti amayi amanga chitseko chake ndi chingwe n'kuika mpando wawo patsogolo. Akuti aliyense wofuna kuchapa ayambe wachapa makatani.

Tsopano pempho langa ndi ili. Mayi a sitolo aja akuti ngati mukufuna angathe kusunga zitatuzi m'thanki yawo mpaka mudzabwere. Ine sindinawayankhe chifukwa nsomba ndi zanu. Mukanena kuti ndizipititse ndizipititsa tsiku lomwelo, ndipo sindidzadandaula. Sindinagule zina zoti ndibisire, ngakhale maganizo amenewo anandifikira nditaona ina yofanana ndi Abwana m'sitolomo. Mukanadziwa ndithu, ndipo bodza likanakhala lachiwiri.

Pali chinanso chimene ndiyenera kunena. M'mawa wa tsiku limene munkanyamuka, zikwama zili pakhomo, munagwada pa kabati paja n'kundifotokozera zambiri mofulumira, galimoto ikuliza hutala panja. Munatchula za ndowa, za masiponji, za madzi. Kenako munandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Wamva, Kachete?" Ndinati ndamva. Sindinamve, achimwene. Ndinkangoyang'ana nsapato zanu zatsopano zija n'kumaganiza kuti mukupitadi. Ndikhulupirira kuti zonsezi munandiuza pomwepo.

Ngati mungalole kuti zitatuzi zikhalebe ndi ine, mundilembere zonse pa pepala, chimodzichimodzi, ndi chifukwa chake. Pomwe sindinamve ndidzafunsa, ngakhale kawiri. Ngati simungalole, ingonenani, musandinyengerere.

Amayi akupereka moni, akuti muzivala juzi ndipo musamadye choimirira. Kalatayi sanaiwerenge koma akudziwa zimene zilimo, ndi iwo andigulira envelopu. Aneba athu a telala akufunsa ngati munalandira buluku lija. Mupereke moni kwa anzanu amene mukukhala nawo. Lamlungu foni ndidzayankha ndine, sindidzawapatsira amayi. Mukadzakhala chete ndidzadikira.

Ndine mlongo wanu,
Kachete